Galu wa aneba waluma mwana wanga, eni ake akuti si mlandu wawo

Make Tadala, Machinjiri:
Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru, mutu wanga sukugwira. Lachiwiri madzulo ndinatuma mwana wanga wamkazi wa zaka 7 kukagula tomato pa kaokala ka pamphambano. Pobwerera, galu wa aneba athu a kumtundaku anatulukira pageti n'kumugwetsa. Wamuluma pakatumba ndi pamkono pomwe ankadzitchinjiriza kumaso. Akanapanda mnyamata wa kabaza amene anamugenda galuyo ndi chiduswa cha njerwa, kaya lero ndikanalemba zotani.

Kufika lero ndawononga K74,000, kuphatikiza mayendedwe, jakisoni ndi mankhwala. Bambo a nyumbayo anabwera m'mawa mwake ndi K10,000, ati ya sopo. Nditawauza zomwe zapita, nkhope inasintha. Ati galu wawo chibadwire sanalumepo munthu, ati geti analisiya ndi mnyamata wantchito osati iwo, komanso ati pageti pawo pali chikwangwani chochenjeza za agalu. Chikwangwani chakecho n'cha Chingerezi, ndipo mwana sanali pageti pawo, anali mumsewu.

Chondimanga manja n'choti timapemphera limodzi, iwo ndi mkulu wa mpingo. Bambo a kunyumba ali ku Beira ndi thiraki, akuti ndidikire abwere. Kodi malamulo amati chiyani pa nkhani ngati iyi? Ndalama zanga zingabwerere?

Nesi Nabanda:
Pepani kwambiri amayi. Za malamulo abwera eni ake, ine ndifunse kaye za mwana. Bala munalitsuka musanapite kuchipatala? Nanga jakisoni akubayidwayo ndi wa chiwewe kapena wa kafumbata yekha? Ambiri amabayitsa wa kafumbata n'kumayesa kuti zatha.

Make Tadala, Machinjiri:
Tinatsuka ndi sopo pampopi, mlamu wanga ndiye ankatsuka, ine manja ankangonjenjemera. Wa kafumbata anamubaya usiku womwewo. Wa chiwewe anati watha, tinakatenga kalata kwa a vetenale n'kukaupeza kwina kolipira. Wabayidwa kawiri, kwatsala.

Nesi Nabanda:
Mwachita bwino. Masiku amene akulemberani pakhadipo musadumphitse ngakhale limodzi, olo bala liume. Kwa ena mukuwerenga: galu akaluma, madzi oyenda ndi sopo kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Zija ankachita agogo athu zowotcha ubweya wa galu yemweyo n'kupaka pabala, tizisiye. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro, munthu sabwerera. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ndipo anayi pa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15.

Mfana wa pa Ndix:
Masteni musavutike ndi makhoti. Kanyama kamodzi, tameki pang'ono, kuponyera kuseri kwa mpanda, nkhani yatha. Galu woluma ana ngosunga?

Adimini:
Mfana iwe, zimenezo pagulu pano ayi. Ukabwereza ndikuchotsa.

Mlangizi wa Ziweto, Thyolo:
Ndipo amayi musayerekeze n'komwe kumvera zimenezo. Panopa galu ameneyo wamoyo ndi wofunika kwa inu kuposa kwa eni ake. Galu akaluma munthu timamumanga n'kumuyang'anira masiku 10. Akawadutsa masikuwo ali bwinobwino, akudya, akumwa madzi, timadziwa kuti tsiku lomwe ankalumalo analibe chiwewe m'malovu. Mukamupha mwafafaniza umboni, komanso mlandu watembenukira kwa inu, poti galu ndi katundu wa munthu, ndipo lamulo loteteza nyama ku nkhanza lilipo. Osanenanso kuti nyama ya poizoni angaitole ndi galu wina, mphaka, kapena mwana.

Kawauzeni eni akewo akuonetseni khadi la katemera. Ku Blantyre munthu alibe pothawira. A bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies anayamba kubaya agalu ulere mu 2015, chaka choyambacho anabaya agalu oposa 35,000, mpaka kuyenda khomo ndi khomo. Cholinga chimakhala kubaya agalu 70 pa 100 alionse kuti matendawa asamafalikire. Ndiye munthu wokhala mumpanda wa njerwa akakanika kutulutsa khadi, ameneyo wangonyozera.

Angozo, kalaliki wopuma wa kukhoti:
Amayi, pepani ndi zomwe zamuonekera mdzukulu wathuyo. Ine si loya, ndinali wonyamula mafayilo chabe, koma makutu ndinali nawo. Nditenge mawu a aneba anuwo.

Zoti galu sanalumepo munthu, mawu amenewa sanawatole pamsewu, ali n'kochokera. Malamulo athu a nkhani zovulazana tinatengera kwa Angerezi, kuyambira 1902 pomwe analamula kuti makhoti a dziko lino azitsata malamulo a ku England. Kumeneko kunali mfundo yakale yogawa nyama pawiri. Ukasunga mkango, kambuku kapena ng'ona, chikangovulaza munthu walakwa basi, poti aliyense amadziwa kuti n'chilombo. Koma galu, ng'ombe ndi mbuzi amaziyesa zofatsa, ndiye wodandaula amayenera kuonetsa kuti mwini wake ankadziwa kale kuti yakeyo njolusa. Maloya amaitcha scienter. Apa m'pomwe panachokera nthabwala yoti galu aliyense amaloledwa kuluma kamodzi kwaulere.

Koma nthabwala imeneyi yasocheretsa ambiri. Sipafunika kuti galu akhale atatulutsapo munthu magazi. Ngati anadumphirapo wogulitsa makala, ngati anang'ambapo chitenje cha munthu wodutsa, mwini wake n'kumva, basi ankadziwa. Olo atakhala kuti wodziwayo ndi wantchito amene amasamala galuyo, khoti limatenga kuti bwana akudziwa. Ndiye yendani m'dera lanulo, funsani a makala, amayi a mandasi, ana asukulu. Galu wolusa sabisika, amakhala ndi mbiri.

Ndipo olo mbiriyo isapezeke, pali khomo lina lolowera, lomwe ndi kusasamala. Ku England komweko mu 1972 kunali mlandu wa Draper ndi Hodder. Tiagalu ta mtundu wa Jack Russell tinathawa pakhomo pa woweta n'kukavulaza mwana wa zaka zitatu wa nyumba yoyandikana. Tinali tisanalumepo munthu. Khoti la apilo linati mwini wake alipire ndithu, chifukwa anayenera kudziwa kuti agalu akakhala gulu amatha kuchita zoopsa, koma sanatitsekere. Funso pamenepa si loti galu anali ndi mbiri yanji, koma loti munthu wanzeru zake akanachita chiyani kuti galu asatulukire mumsewu modutsa ana.

Zoti geti analisiya ndi wantchito, pamenepo ndiye adzikola okha. Wantchito akalakwitsa ali pantchito ya bwana wake, wolipira ndi bwana. Kutseka geti si ntchito yomwe anamulembera?

Chikwangwani chimachenjeza wofuna kulowa. Sichipatsa galu msewu wa boma. Komanso loya wochenjera amangochitembenuza: ngati galu wanu ngofatsa, munkachenjeza anthu za chiyani?

Make Tadala, Machinjiri:
Zikomo bambo. Mtima wayamba kukhala pansi. Ndimayesa mwina ndine wovuta.

Bambo a Junior, Chigumula:
Pepani amayi, mwana achire. Koma ndilankhuleko ngati woweta, poti pano zikumveka ngati tonse osunga agalu ndife zigawenga. Ine anandithyolera nyumba kawiri chaka chimodzi, kachiwiriko anandimanga ndi nsambo mkazi wanga akuona. Chibweretsereni agalu atatu, ndimagona tulo. Mlonda sindingakwanitse kumulipira. Ndiye a Ngozo mundiuze, wakuba akalumpha mpanda usiku agalu anga n'kumung'amba, ndimulipirenso? Nanga ana amene amagenda agalu pa mpanda tsiku ndi tsiku pochokera kusukulu, tsiku lina galu akadzabwezera, wolakwa ndine?

Angozo, kalaliki wopuma wa kukhoti:
Achimwene, palibe amene akuletsa kuweta. Lamulo limalola munthu kusunga galu wolondera. Wakuba wolumpha mpanda usiku wadziputira yekha, sangabwere m'mawa kudzafuna chipukuta misozi. Pokhapokha ngati mwamugwira kale, wagona pansi wakweza manja, inu n'kumutumizira agalu dala kuti amukhadzule. Pamenepo sakulumanso ndi galu, mukuluma ndinu.

Amene muyenera kumuganizira si wakubayo. Ndi wowerenga mita ya madzi, mayi wogulitsa masamba amene mkazi wanu anamuitana, mlendo wogogoda masana kufunsa njira. Amenewa abwera mwachilungamo. Simungamasule galu wolusa panjira yolowera kunyumba kwanu dzuwa likuswa mtengo, kenako n'kumaloza chikwangwani.

Za ana ogenda, inde, amene waputa galu mlandu wake umafooka, chipukuta misozi chimatha kuchepa ngakhale kukanidwa kumene. Koma khoti limayang'ananso msinkhu. Zomwe tingayembekezere kwa bambo wa ndevu si zomwe tingayembekezere kwa mwana wa sitandade 2. Ndipo mwana wa amayiwa sanagende, ananyamula tomato.

Bambo a Junior, Chigumula:
Nanga wokwera mumtengo wa mango uli mkati mwa mpanda?

Angozo, kalaliki wopuma wa kukhoti:
Ameneyo ndiye wovuta, maloya angakangane mpaka dzuwa kulowa. Walowa popanda chilolezo, n'zoona. Koma ngati chaka ndi chaka mumaona ana akukwera, mukudziwa kuti mango amakoka ana, inu n'kungosiya agalu ali mbwee masana, majisitireti akufunsani mafunso osakoma. Nyengo ya mango muziwamanga masana, mangowo muzigawako.

Mfana wa pa Ndix:
Kkkkk madala akuti muzigawa mango. Lamulo limeneli ndalikonda.

Mbewe wa ku Joni:
Moni nonse kumudzi. Nkhaniyi yandikhudza chifukwa ife ogwira m'magadeni kuno agalu ndiwo anzathu a tsiku ndi tsiku. Kuno lamulo lake ndi lolimba kuposa zomwe afotokoza madalawa. Amati actio de pauperie, linachokera kwa Aroma akale. Sufunika kuonetsa kuti mwini galu ankadziwa, sufunikanso kuonetsa kuti sanasamale. Galu ndi wako, waluma munthu wosamuputa amene anali pamalo pomwe akuloledwa kukhala, lipira.

Pali mlandu wina wofanana kwambiri ndi wa amayiwa. Mu 2017 ku Port Elizabeth, komwe pano akuti Gqeberha, bambo wina dzina lake Cloete, wa maganyu a m'magadeni ngati ife tomwe, ankayenda mumsewu akukoka kangolo kake. Agalu atatu anatuluka pa nyumba ina n'kumugwera. Anamuvulaza mpaka madokotala anadula mkono wa kumanzere. Mwini agaluwo, Van Meyeren, anati iye kunalibe, ndipo mageti anatsegula ndi munthu wina wosadziwika amene anathyola maloko. Nkhani inafika ku khoti lalikulu la apilo, Supreme Court of Appeal, ndipo mu 2020 anagamula kuti zimenezo sizimupulumutsa. Anati amene wasankha kusunga agalu kuti ateteze nyumba yake, udindo wa zomwe agaluwo angachite kwa munthu wosalakwa mumsewu ndi wake.

Taganizani, kumeneko ankanamizira wakuba koma sizinathandize. Aneba anuwo akunamizira wantchito wawo yemwe.

Nachisale, Leeds:
Achimwene a ku Joni, koma a kwathu akalumidwa kumeneko amakasuma?

Mbewe wa ku Joni:
Achemwali mwagunda pabala. Ambiri sapita. Mnzanga wina wa ku Mzimba analumidwa pantchafu ndi galu wa abwana ake, anangomupatsa R500 ndi mabandeji, Lolemba anali pantchito akutsimphina. Mapepala ake anali atatha, ndiye ukamva za apolisi ndi khoti umayamba waganiza za basi yobwerera kumudzi. Lamulo labwino lilipo, koma limafuna munthu wosaopa kutchula dzina lake. Kumapeto kwa 2022 kuno kunali chipwirikiti ana angapo ataphedwa ndi agalu a mtundu wa pit bull, anthu mpaka kumakasiya agalu awo ku bungwe loteteza nyama la SPCA, ena kufuna kuti mtunduwo uletsedwe. Koma ukayenda m'mayadi, adakalipo.

Nachisale, Leeds:
Kuno ku England ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ndiye ndimalowa nyumba zisanu kapena zisanu ndi imodzi patsiku. Pafayilo ya munthu aliyense amalemba ngati pali galu, ndipo ndili ndi ufulu wokana kulowa mpaka amutsekere kuchipinda. Lamulo lawo ndi Dangerous Dogs Act la 1991. Kale linkagwira ntchito kwambiri galu akaluma kunja, koma mu 2014 analikonza kuti ligwirenso m'nyumba mwa mwini galu momwe, chifukwa a positi ndi anthu ngati ife tinkalumidwa pakhomo popanda womangidwa. Galu wako akavulaza munthu ukhoza kukhala kundende mpaka zaka 5, akapha mpaka zaka 14. Kuyambira pa 1 February 2024, ku England ndi Wales kusunga galu wa mtundu wa XL Bully popanda chiphaso chapadera ndi mlandu, ndipo wokhala nacho chiphasocho galu wake ayenera kufulidwa ndi kuvala chotseka kukamwa akamayenda, ndipo pomwe lamuloli linkayamba ankayeneranso kukhala pa inshuwalansi.

Chomwe ndimasirira si ndende ayi, ndi inshuwalansiyo. Kuno anthu ambiri oweta amalipira pamwezi, ndiye galu akaluma, amalipira ndi kampani. Kwathu zimatuluka m'thumba la munthu, n'chifukwa chake amakana mpaka kulumbira.

Malume a ku Ntcheu:
Ana inu mwatiyendetsa ku Joni ndi ku Mangalande, tabwererani kuno. Kwathu galu akagwira mbuzi ya munthu sitifunsa kuti anali ndi mbiri yanji. Timapita kwa a nyakwawa, mwini galu amabweza mbuzi. Akaluma mwana, mwini wake amanyamuka yekha kuperekeza kuchipatala, kenako amabwera ndi nkhuku kudzapepesa. Palibe loya, palibe Chilatini. Amayi, khoti lidzakupatsani ndalama mwina patapita zaka, koma munthu ameneyo mudzakumana naye pamaliro, pachitsime, pa mgonero. Pitani kwa amfumu a m'dera lanulo, muitanenso akulu a mpingo anzawo. Mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Nagama, Area 25:
Malume, ndi ulemu wonse, ndevu zomwe zapsa apa ndi za ndani? Za mkulu wa mpingoyo kapena za mwana? Kumudzi zimayenda chifukwa mwini galu amanyamuka yekha, mwanena nokha. Awa anyamuka ndi K10,000 ndi zifukwa zitatu. Ine mng'ono wanga analumidwa patsaya ali ndi zaka 9, makolo athu anati tisayambane ndi aneba, analandira nkhuku. Lero ndi mayi wa ana awiri, chipsera chidakalipo, pojambulitsa amatembenuza nkhope. Aneba aja anasamuka chaka chomwecho. Ubale womwe tinkausungawo unapita nawo pa lole.

Akulu a mpingo anzawo ndiye ayi. Akangoyamba ndi pemphero, kenako vesi la kukhululuka, amayiwa atuluka m'menemo iwo ndiwo akupepesa.

Malume a ku Ntcheu:
Mwana wanga, mawu ako ndi owawa koma sindikutsutsa. Ndiye apite kwa amfumu okha.

Angozo, kalaliki wopuma wa kukhoti:
Nonse awiri mukunena zoona, ndipo njirazi sizilimbana. Yambani ndi kukambirana, koma mukambirane ngati munthu amene akhoza kupita kukhoti mawa. Munthu akaona kuti mapepala anu ali m'malo, amafewa yekha.

Sungani lisiti lililonse, ngakhale la panado. Za kabaza zopanda lisiti muzilemba m'kope, tsiku ndi ndalama yake. Khoti pa ndalama zomwe munthu wawononga limafuna umboni weniweni, silimva zoti "zinali zambiri". Jambulani mabalawo lero, mudzajambulenso akamapola. Tengani lipoti la dokotala, sungani kalata ya a vetenale ija. Mnyamata wa kabaza uja mumudziwe dzina ndi pomwe amaima, ameneyo ndiye mboni yanu yaikulu.

Ndipo musamangonena za K74,000. Makhoti athu pa kuvulala amapereka chipukuta misozi pa ululu womwe munthu wamva, pa zomwe sangathenso kuchita kapena kusangalala nazo monga kale, komanso pa chilema kapena chipsera chomwe chatsala. Zimenezi n'zapadera, pamwamba pa za malisiti. Mwana sasuma yekha, mumamuimira ndinu kholo. Milandu ya kuvulala ili ndi malire a zaka zitatu, ndiye mawu oti mlandu suola musawadalire kwambiri, kukhoti umaola. Ngati loya simungamukwanitse, ku Legal Aid Bureau alipo a boma.

Kupolisi ndi nkhani ina. Mu Penal Code, buku la malamulo a milandu yaupandu, muli ndime yokhudza munthu amene sasamala kuteteza ena ku ngozi yochokera ku nyama yomwe akusunga. Kumeneko ndi boma kulanga munthu, si kubweza ndalama zanu, ngakhale kuti lipoti la apolisi limathandiza. Ambiri amayambira ku Victim Support Unit, amaitanitsa mbali zonse n'kukambirana.

Mukagwirizana, zilembedwe. Ndalama zingati, alipira liti, galu azisungidwa bwanji. Asayine iwo, musayine inu, amfumu ndi mboni. Koma musasayine mawu oti nkhani yatheratu mwana asanamalize jakisoni ndiponso dokotala asanaone momwe mkonowo wapolera.

Make Tadala, Machinjiri:
K10,000 ija ndinalandira. Kodi pamenepo sindinadzitsekere?

Angozo, kalaliki wopuma wa kukhoti:
Munasayina penapake kuti simudzafunanso kanthu?

Make Tadala, Machinjiri:
Ayi, anangondipatsira m'manja pakhonde.

Angozo, kalaliki wopuma wa kukhoti:
Ilembeni m'kope lomwelo, idzachotsedwa pa zonse. Palibe chomwe mwatseka.

Alandilodi a ku Bangwe:
Ndifunseko changa. Ndili ndi nyumba zinayi pa pulotipo, wa lendi mmodzi ali ndi galu. Akadzaluma mwana wa wa lendi mnzake, adzagwira ine?

Angozo, kalaliki wopuma wa kukhoti:
Woyamba kufunsidwa ndi mwini galu kapena amene akumusunga. Koma bwalo la pakati lomwe onse amadutsa ndi lanu. Anthu akadandaula kwa inu kuti galuyo akuopseza ana inu n'kungoti ziii chifukwa munthuyo salephera lendi, dzina lanu likhoza kulowa nawo pa samani.

Alandilodi a ku Bangwe:
Ndiye kuti mawa ndikamuuze amange khola.

Nagama, Area 25:
Mawa bwanji, lero dzuwa lidakalipo.

Make Tadala, Machinjiri:
Abale, ndabweranso patapita masiku kuti ndikuuzeni momwe zayendera. Ndinachita zomwe ananena a Ngozo, ndinayenda kufunsa. Sindinafike n'kutali komwe. Bambo amene amatibweretsera makala panjinga anangoseka, n'kupinda buluku kundionetsa. Galu yemweyo anamugwira m'mwezi wa April, mano sanalowe kwambiri koma buluku linang'ambika, ndipo bambo a nyumbayo anamupatsa K2,000 yokasoketsa, n'kumupempha kuti asanene. Mtsikana wina wantchito wa nyumba ya kumunsi nayenso akuti amazungulira njira ya kuchigayo poopa galu yemweyo.

Khadi la katemera analitulutsa, koma jakisoni womaliza ndi wa zaka zitatu zapitazo.

Loweruka tinakhala pansi kwa amfumu. Bambo a kunyumba anali atafika, mlamu wanga analipo, wa makala uja ndi wa kabaza anabweranso. Aneba aja anayamba ndi mawu awo aja oti galu sanalumepo munthu. Wa makala anangoimirira n'kupindanso buluku, osalankhula kanthu. Amfumu anachita kuyang'ana kumbali kubisa kuseka. Mayi a kunyumba kwawo ndi amene anayamba kupepesa, misozi ili mbwembwembwe, ati iwo akhala akunena kuti galuyo amangidwe koma samvedwa.

Tagwirizana kuti abweza zonse za malisiti ndi za m'kope, alipira jakisoni wotsala, ndipo za chipsera tidzakhalanso pansi dokotala akaona mkono pakatha miyezi iwiri. Zalembedwa, tonse tasayina, pepala lina lili kwa amfumu. Theka apereka kale. Galu wadutsa masiku 10 ali bwino, a vetenale anabwera kudzamuona n'kumubaya.

Mwana akuyenda, koma akangomva kuuwa amandikakamira chitenje. Usiku akumadzidzimuka.

Nesi Nabanda:
Tithokoze Mulungu. Za jakisoni wotsalayo musaganize nokha kuti poti galu ali moyo basi, akakuuzeni ndi a kuchipatala. Kudzidzimukako kumachitika, musamukalipire kapena kumukakamiza kuyandikira agalu. Zikapitirira mwezi mukawauze achipatala.

Malume a ku Ntcheu:
Mwaona, kwa amfumu komwe kuja.

Nagama, Area 25:
Kwa amfumu, koma ndi kope, malisiti ndi buluku la wa makala. Nkhuku sinatchulidwe.

Make Tadala, Machinjiri:
Koma pali china chomwe chikundidya mumtima. Mnyamata wantchito uja amuchotsa. Anabwera dzulo kudzatsanzika ndi kachikwama kake, kupepesa mpaka kugwada. Akuti malipiro a mwezi uno sanamupatse, amuuza kuti apita ku jakisoni wa mwana wanga. Akuti loko wa getilo anawonongeka kalekale, ankangokoletsa ndi waya, ndipo anawauza abwana ake kangapo. Ndiye ndalama ndalandirazi zina ndi za mwana wa eni ameneyu. Ndi wa ku Phalombe, sanakwane n'zaka 20 zomwe.

Angozo, kalaliki wopuma wa kukhoti:
Amayi, ngongole ya kwa inu ndi ya bwana, si ya mnyamatayo. Masiku omwe wagwira ntchito ayenera kulipidwa, bwana sangangodzigamulira yekha kuti walanda malipiro onse. Muuzeni apite ku ofesi ya zantchito ya boma akadandaule, salipiritsa. Ndipo zoti loko anali wowonongeka, zilembeni m'kope muja. Pa miyezi iwiri paja zidzafunika.

Mbewe wa ku Joni:
Nthawi zonse chimagwera wa m'gadeni. Kuno n'chimodzimodzi.

Bambo a Junior, Chigumula:
Ine dzulo ndaitana wowotcherera, akuika kageti kachiwiri mkati kuti wina akatsegula lakunja agalu asamafike kumsewu. Amayi, mnyamatayo amadziwa kusamala nkhuku? Wanga akupita kumudzi kumapeto kwa mwezi. Mumuuze andipeze, a Adimini akupatsani nambala kumbali.

Make Tadala, Machinjiri:
Ndimuuza madzulo ano, akugona kwa mbale wake ku Chirimba.

Mfana wa pa Ndix:
Bola biggie mukamudziwitse kaye kwa agalu atatu aja asanayambe.